Tingadziwe bwanji kuti vidiyo kapena mawu a wandale ndi opangidwa ndi AI?

Kalulu_wa_pa_Neti

Moni nonse. Funso langa likupita kwa inu amene mumadziwa za makompyuta ndi za kufufuza nkhani. Masiku ano m'magulu a WhatsApp ndi pa Facebook mukuyenda mavidiyo ndi mavoisi noti a andale akulankhula zodabwitsa, wina akunyoza mtundu wa anzake, wina akuvomera kuti anaba ndalama. Pansi pake anthu amagawanika, ena akuti ndi AI (mapulogalamu a kompyuta otha kupanga okha mawu, zithunzi ndi mavidiyo), ena akuti ndi iyeyo ndithu, mawu ake ndi omwewo. Aliyense amangoyankha malinga ndi chipani chimene amachikonda. Kodi munthu wamba amene ali ndi foni yokha angachite chiyani kuti adziwe zoona asanatumizire ena? Nanga mawebusayiti aja amene amati amazindikira zopangidwa ndi AI, tingawadalire? Chonde ndithandizeni ndi njira zenizeni zoti nditsate.

Mlonda_wa_Nkhani

A Kalulu, funso loyamba lisakhale lakuti "kodi ndi AI?" ayi. Dzifunseni kuti chinthuchi chachokera kuti, ndipo anayamba kuchiika pa intaneti ndani. Ndikutero chifukwa mabodza ambiri a ndale sagwiritsa n'komwe AI. Amangotenga vidiyo yeniyeni yakale n'kuilembera mawu atsopano, kapena kudula masekondi 20 pa zolankhula za mphindi 40. M'mwezi wa Meyi 2019 vidiyo ya Nancy Pelosi, amene anali sipikala wa nyumba ya malamulo ku America, anangoichepetsa liwiro kufika pa 75 peresenti kuti azimveka ngati waledzera. Anthu mamiliyoni anaionera. Makina ofufuza AI sakanapezapo kanthu, poti nkhope ndi mawu zinali zake.

Pa vidiyo chitani chonchi. Iimitseni pamalo atatu kapena anayi, koyambirira, pakati ndi kumapeto, ndipo paliponse jambulani sikirini. Sankhani pamene pakuoneka chikwangwani, nyumba kapena khamu la anthu, osati nkhope yokha, chifukwa nkhope ya munthu wotchuka ingokubweretserani zithunzi zake zina zambirimbiri. Dulani m'mphepete monse muli mawu ndi ma emoji amene wina anawonjezera, apo ayi kufufuzako kusochera. Kenako ikani zithunzizo mu Google Lens, chida chofufuzira kumene chithunzi chinaonekapo pa intaneti. Ikaninso mu TinEye, imene ili ndi mwayi wosanja zotsatira kuyambira chakale kwambiri. Amene muli ndi kompyuta, pulogalamu yaulere ya InVID-WeVerify imaduladula yokha vidiyo kukhala zithunzi. Mukapeza kuti vidiyo yomweyo inalipo kale zaka zitatu zapitazo, kapena ndi ya dziko lina, nkhani yathera pomwepo.

Ngati simunapeze yakale, tengani chiganizo chimodzi chimene wandaleyo akuti wanena, chilembeni pa Google mkati mwa zizindikiro zogwira mawu. Munthu wamkulu akanena chinthu choopsa pamsonkhano, pamakhala atolankhani ndi mafoni ambiri, choncho payenera kupezeka vidiyo ina yojambulidwa kuchokera mbali ina. Pa 22 Meyi 2023 panafala chithunzi cha utsi wakuda pafupi ndi Pentagon, likulu la asilikali a ku America ku Arlington, chimodzi chokha basi, malo odutsa anthu masauzande tsiku lililonse. Kusowa kwa chithunzi chachiwiri kunali kokwanira kuchikayikira, komabe msika wa masheya unatsika kwa mphindi zingapo ozimitsa moto a ku Arlington asanatsutse nkhaniyo.

Onaninso akaunti imene yaika. Pa tsamba la Facebook pali gawo lotchedwa Page transparency, limene limasonyeza tsiku limene tsambalo linatsegulidwa ndi mayina amene linali nawo kale. Tsamba limene linali la nthabwala n'kusintha dzina kukhala la nkhani chisankho chitayandikira, likayikireni. Chizindikiro cha buluu pa X (imene kale inali Twitter) musachiwerengere, chimagulidwa ndi ndalama kuyambira kumapeto kwa 2022. Pa WhatsApp, mivi iwiri pamwamba pa uthenga ikutanthauza kuti wadutsa m'manja kasanu kapena kupitirira, ndiye amene wakutumiziraniyo sadziwa kumene unachokera.

Wa_mu_Studio

Zimene anena a Mlondazi n'zoona pa zithunzi ndi mavidiyo. Koma vuto lalikulu lili pa mawu okha, ndipo apa ndipempha kuti musadalire khutu lanu. Voisi noti ilibe nkhope, ilibe malo, ilibe chithunzi choti muike mu Google Lens.

Kupanga mawu a munthu sikufunanso zambiri. Mu Januwale 2023 Microsoft inaonetsa VALL-E, imene imatengera mawu a munthu kuchokera pa masekondi 3 okha. Mu Malichi 2024 OpenAI, kampani imene inapanga ChatGPT, inati Voice Engine yake imafuna masekondi 15. Wandale ali ndi maola ambirimbiri a mawu ake pa YouTube ndi pa wailesi, oyera bwino, ndiye ndi wosavuta kumutengera kuposa wina aliyense. Mu Januwale 2024, kutatsala masiku awiri kuti kuchitike chisankho cha chipulula ku New Hampshire, ku America, anthu analandira mafoni a mawu onga a Joe Biden owauza kuti asakavote. Amene anapanga mawuwo anati zinamutengera mphindi zosakwana 20, ndipo bungwe la FCC, loyang'anira za mafoni ndi mawailesi ku America, linalipiritsa amene anakonza chiwembucho madola 6 miliyoni.

Chitsanzo chofunika kuchiphunzira bwino ndi cha ku Slovakia. Chisankho chinali pa 30 Seputembala 2023. Kutatsala masiku awiri, panatuluka mawu omveka ngati a Michal Šimečka, mtsogoleri wa chipani cha Progressive Slovakia, akukambirana ndi mtolankhani za kugula mavoti. Onse awiri anakana, ndipo ofufuza a bungwe la nkhani la AFP anapeza zizindikiro zakuti ndi opanga. Koma anawatulutsa mkati mwa maola 48 amene lamulo la kumeneko limaletsa kampeni, nthawi imene nyumba zoulutsa nkhani zimakhala zomangika pakamwa. Nthawi yotulutsira ndi umboni pawokha. Chinthu choopsa chikatuluka usiku, kutatsala tsiku limodzi kapena awiri kuti anthu avote, popanda nyumba ya nkhani imene yaikapo dzina lake, wochitulutsayo amafuna kuti pasakhale mpata wochitsutsa.

Zilipo zoti mumvetsere, makamaka mutavala mahedifoni. Munthu weniweni amapuma, amameza malovu, amakakamira, amabwereza liwu n'kudzikonza. Mawu opanga nthawi zambiri amayenda liwiro limodzi, ndipo kupuma kwake kumagwera pamalo osayenera kapena kulibiretu. Pa kukambirana kwa anthu awiri, mverani ngati amadulana mawu. Akamangodikirana bwinobwino ngati akuwerenga sewero, pali chokayikitsa. Mverani phokoso lakumbuyo ngati likuduka mwadzidzidzi pakati pa ziganizo, kapena ngati likubwereza lomwelo. Mayina a anthu ndi a malo, komanso pamene wolankhula akusintha chilankhulo, ndi pamene makina amapunthwa kawirikawiri.

Tsono zonsezi zimathandiza pogwira wopanga wosasamala yekha. Wochenjera amalankhula yekha ndi mpweya wake, n'kugwiritsa ntchito pulogalamu yosintha mawu akewo kuti amveke ngati a wina, ndiye kupuma ndi kukakamira konse kumakhalamo. Akatero amathiramo phokoso la galimoto kapena la anthu, n'kujambulanso ndi foni ina kuchokera pa sipika. Kuwonjezera apo WhatsApp imapanikiza mawu kuti fayilo ichepe, ndipo timaphokoso ting'onoting'ono timene katswiri akanaunika timafafanizika. Voisi noti yopanda mwini, yopanda tsiku ndi malo, itengeni ngati mphekesera, ngakhale mawu afanane chotani.

Izi sizili pa ndale pokha. Kumayambiriro kwa 2024 wogwira ntchito pa kampani ya Arup ku Hong Kong anatumiza ndalama pafupifupi madola 25 miliyoni atachita msonkhano wa pa vidiyo ndi anthu amene onse anali opanga. Wachibale akakuimbirani ali kulira kuti mumtumizire ndalama msanga, dulani foni, muimbireni nokha pa nambala imene mumaidziwa kale. Ndi bwinonso kuti pabanja mugwirizane liwu lachinsinsi limene simunalilembepo pa intaneti.

Nyenyezi_07

Ndiwonjezere pang'ono pa zithunzi, chifukwa malangizo owerenga zala anatha ntchito. Anathandiza mu 2023, nthawi ya chithunzi chija cha Papa Francis atavala jekete loyera lofufuma, chimene chinapangidwa ndi pulogalamu ya AI yotchedwa Midjourney. Mapulogalamu a lero amajambula manja bwinobwino, ndipo kuyambira Meyi 2025 Veo 3 ya Google imatulutsa vidiyo ndi mawu ake omwe, milomo ikuyenda pamodzi ndi mawuwo. Zimene zimalakwikabe ndi zinthu zakumbuyo: zilembo zazing'ono pa zikwangwani ndi pa malaya, nambala za galimoto, mithunzi yolozera mbali zosiyana, anthu a m'khamu amene nkhope zawo zasungunuka kapena amene amasowa akadutsa kuseri kwa mnzawo. Vidiyo yopanga kawirikawiri imakhalanso ya tizidutswa tifupitifupi, ta masekondi ochepa, tolumikiza. Yang'anani m'makona ngati muli malo ofufutidwa kapena odulidwa, pamene panali chidindo cha pulogalamu.

Palinso zidindo zosaoneka ndi maso. Google imaika SynthID mu zimene mapulogalamu ake apanga, ndipo makampani ena monga Adobe ndi OpenAI amaika mbiri ya fayilo yotchedwa Content Credentials. Zikapezeka, ndi umboni wamphamvu. Zikasowa, sizitanthauza kanthu, chifukwa si mapulogalamu onse amene amaziika, ndipo mbiri ya fayilo imachoka munthu akangojambula sikirini kapena kutumiza chithunzi pa WhatsApp mwa nthawi zonse. Mukafuna fayilo yosasinthidwa, pemphani kuti akutumizireni ngati dokyumenti.

Masamu_Okhaokha

Za mawebusayiti ozindikira AI zija, a Kalulu, yankho langa ndi lakuti musaweruze nawo mlandu. Amaphunzitsidwa ndi zinthu zopangidwa ndi mapulogalamu akale, ndiye pakatuluka pulogalamu yatsopano amasokonezeka. Fayilo imene yapanikizidwa kangapo imawasokonezanso. OpenAI yeniyeniyo inatulutsa chida chozindikira zolemba za AI mu Januwale 2023, n'kuchichotsa mu Julayi chaka chomwecho. Chinkagwira 26 peresenti yokha ya zolemba za makina, kwinaku chikunamizira 9 peresenti ya zolemba za anthu enieni. Pa mlingo umenewo, mwa zolemba zenizeni 1,000, zokwana 90 zikanatchedwa zabodza. Webusayiti ikakulemberani kuti "87% AI", nambalayo si umboni, ndipo sikirinishoti yake isamayende m'magulu ngati chigamulo.

Chizolowezi china chimene chikundidetsa nkhawa ndi chofunsa ChatGPT, Grok kapena Meta AI kuti "kodi izi n'zoona?" Mapulogalamu amenewa ntchito yawo ndi kulosera mawu oyenera kutsatira, ndipo amayankha molimba mtima ngakhale pamene alibe chodalira. Nkhani ikakhala ya maola ochepa chabe, akafufuza pa intaneti amakapeza mapositi omwe aja amene mukuwakayikira, n'kukubwezerani atawakonza bwino. Agwiritseni ntchito pomasulira chilankhulo kapena pokupezerani malinki, koma linki iliyonse itseguleni nokha muone ngati ikunenadi zimenezo.

Kalulu_wa_pa_Neti

Zikomo kwambiri nonse. Nanga zikakhala kuti vidiyo ndi yeniyeni koma mwiniwake akuti ndi AI? Komanso ndikapeza kuti ndi yabodza, ndiuze bwanji gulu popanda kuyambitsa mkangano?

Mlonda_wa_Nkhani

Funso loyambalo ndi lolemera, a Kalulu, chifukwa kukhalapo kwa AI kwapatsa olakwa pothawira. Ndiponso kukayikira chinthu chenicheni kumatha kuwononga ngati kukhulupirira chabodza. Ku Gabon, Pulezidenti Ali Bongo atadwala sitiroko mu Okutobala 2018, boma linatulutsa vidiyo ya uthenga wake wa chaka chatsopano. Nkhope yake inkaoneka youma, anthu n'kuyamba kunena kuti ndi yopanga. Pa 7 Januwale 2019 asilikali ena anayesa kulanda boma, ndipo anatchula vidiyoyo ngati chimodzi mwa zifukwa zawo. Akatswiri amene anaiunika pambuyo pake sanapeze umboni woti inali yopanga.

Choncho amene akuti "ndi AI" nayenso abweretse umboni. Anali kuti tsiku limenelo? Kodi vidiyo yonse yosadula ilipo? Anthu ena amene akuoneka mmenemo akuti chiyani? Mbali inayo, amene watulutsa vidiyo asonyeze fayilo yoyambirira kwa atolankhani kapena kwa mabungwe ofufuza monga AFP Fact Check, Africa Check kapena PesaCheck. Muyeso ukhale umodzi, kaya wonenedwayo ndi wa chipani chanu kapena ayi. Pamene umboni sunakwane mbali zonse, kunena kuti "sizinatsimikizike" ndi yankho lokwanira, ndipo kudikira maola 24 sikukutayitsani kanthu. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pokonza bodza m'gulu, musatumizenso vidiyoyo, chifukwa ena angoionera osawerenga zimene mwalemba pansi. Yambani ndi choona, mwachitsanzo kuti vidiyoyi ndi ya chaka chakuti ku dziko lakuti, kenako ikani linki ya kumene mwaipeza. Amene anaitumizayo mulembereni kumbali kaye mwaulemu, kuti aichotse yekha, popeza munthu akachititsidwa manyazi pagulu amaumirira. WhatsApp imalola wotumiza kufufuta uthenga kwa onse mkati mwa masiku awiri, ndipo adimini wa gulu angathenso kuufufuta. Ngati gulu ndi lalikulu ndipo chisankho chayandikira, adimini angasinthe makonzedwe kuti kwa masiku amenewo azitumiza mauthenga ndi maadimini okha, kapena kuika lamulo lakuti chilichonse cha ndale chibwere ndi linki ya kumene chachokera.