Ekizozi ya stainless kapena ya aluminized kumadera kumene amathira mchere mumsewu?

Chiko_Ontario:
Abale odziwa za magalimoto, ndithandizeni nzeru. Ford F-150 ya petulo ya 2012, ili kuno ku Ontario m'dziko la Canada, kumene amathira mchere mumsewu kuti usungunule chipale m'nyengo yozizira. Sailensa yabooka kunsi ndipo paipi yakumbuyo yadyeka pomwe pali kilampu. Kugalaja andiuza mitengo iwiri: ya aluminized yotsika, ya stainless yoboola m'thumba. Galimotoyi imayenda maulendo afupiafupi m'tauni ndipo ndikufuna igwirebe ntchito zaka zina zisanu. Kodi stainless ndi yoyeneradi ndalama zakezo, kapena mchere umadya zonse mofanana?

Makaniko_Winnipeg:
Achimwene, choyamba bwererani kugalajako mukafunse nambala ya stainless imene akunenayo, chifukwa ilipo mitundu iwiri imene imapezeka kwambiri pa ekizozi ndipo mitengo yake ndi yotalikirana.

Aluminized ndi chitsulo wamba chimene anachiviika mu aluminium wosungunuka wosakaniza ndi silicon pang'ono. Chimene chimateteza ndi kachikopa kakunjako basi. Kachikopako kamapirira kutentha mpaka pafupifupi madigiri 550 a Celsius, koma pamene adula paipi, pamene awotcherera, pamene kilampu yaluma kapena mwala wagunda, chitsulo chimatsala pamtunda. Madzi amchere akalowa pamenepo dzimbiri limayenda kunsi kwa chikopacho n'kumachifundula. Ngati yanuyo ndi ya aluminized, n'chifukwa chake yayambira pa kilampu.

Stainless ya 409 ili ndi chromium, mtundu wa chitsulo umene umaletsa dzimbiri, pafupifupi 11 peresenti m'chitsulo chonsecho, osati pamwamba pokha. Ikakandika imadzitchinjiriza yokha. Imachita dzimbiri lofiirira pamwamba, moti pakatha nyengo yozizira imodzi imaoneka ngati yatha, koma dzimbirilo sililowa msanga. Mafakitale ambiri a magalimoto amaika imeneyi. Ya 304 ili ndi chromium 18 peresenti ndi nickel 8 peresenti, siichita dzimbiri lotero, imangosanduka yagolide kapena yobiriwira potentha, koma mtengo wake ndi wina.

Kwa zaka zisanu ku Ontario, tengani 409. Aluminized mudzaigula kawiri, ndipo wokonza mudzamulipiranso kawiri.

MayiNaphiri_Detroit:
Ndikugwirizana nawo bambowa, koma mawu akuti "maulendo afupiafupi" ndi amene andichititsa kuyankha. Anthu timaloza chala mchere wokha, pamene ekizozi zambiri zimaola kuchokera mkati. Petulo akapsa amatulutsa nthunzi yambiri. Injini ikangolira mphindi 10 m'mawa wozizira n'kuzimitsidwa, nthunziyo imasanduka madzi mu sailensa, madzi okhala ndi asidi wochokera mu utsi, ndipo amagona mmenemo usiku wonse. Sailensa yobooka kunsi ngati yanuyo nthawi zambiri ndi ntchito ya madzi amenewa. Ndiye aluminized pagalimoto yotere imadyedwa mbali ziwiri.

Onani ngati sailensa yatsopanoyo ili ndi kabowo kotayira madzi pamalo otsikitsitsa. Ngati palibe, kabowo ka mamilimita 3 kamakwanira, bola mufunse kaye ngati sikaononga waranti. Ndipo kamodzi pa sabata muziiyendetsa mumsewu waukulu kwa theka la ola kuti paipi yonse itenthe mpaka kumchira.

Aluminized ili ndi malo ake. Galimoto imene chasisi yake yadyeka kale, yoti ikangotha zaka ziwiri ipita kosiya zitsulo, musaiveke 304. Chimodzimodzi kumadera ouma monga Arizona, kumene aluminized imakhala nthawi yaitali popanda vuto.

Wowotcherera_Ohio:
Ine pa 304 ndili ndi chenjezo, poti ambiri amaganiza kuti yodula ndiye yabwino paliponse. Ikatentha imafutukuka kwambiri, pafupifupi kuposa 409 ndi theka. Paipi yaitali ya pikiapu ikamangidwa molimba, popanda kachigawo kopindika ka flex ndi timalabala tokolekera tolola kusuntha, imang'ambika pafupi ndi powotcherera kapena pa flanji. Mcherenso umatha kuiboola timabowo ting'onoting'ono pamene matope amchere akhazikika osatsukidwa. Kuyambira kumbuyo kwa catalytic converter (chigawo chochepetsa poizoni mu utsi) mpaka kumchira 304 ndi yabwino zedi. Kufupi ndi injini 409 imapirira bwino kutentha ndi kuzizira kobwerezabwereza.

Chimene chimapha ekizozi za stainless msanga ndi kamangidwe. Waya wowotcherera ugwirizane ndi chitsulo: 308L pa 304, 309L polumikiza stainless ndi chitsulo wamba. Akagwiritsa ntchito waya wamba, paipi idzakhala yowala koma msoko uliwonse udzaola, sailensa n'kugwa panjira. Burashi ndi disiki ya gulayindala zikhale zosakhudzapo chitsulo wamba, apo ayi zimasiya tizidutswa timene timayambitsa dzimbiri. Amene amawotcherera ndi makina a TIG azidzaza mpweya wa argon mkati mwa paipi. Popanda izo msoko wamkati umapsa n'kukhala wa nthubwinthubwi, ndipo pamenepo ndi pamene umayambira kung'ambika.

Kanani makilampu a U-bolt. Amafinya paipi n'kuipinda, tsiku lomasula mudzadula ndi sowo. Pemphani a lamba, a stainless. Pa mabawuti pakani mafuta a anti-seize a nickel, chifukwa nati ndi bawuti za stainless zikamangidwa zouma zimalumana osamasukanso. Makulidwe a paipi asachepere 16 gauge, amene ndi pafupifupi mamilimita 1.5.

Chiko_Ontario:
Zikomo kwambiri nonse. Ndakafunsa, akuti ndi 409, koma maginito akukakamira pa paipiyo. Sakundipusitsa?

Makaniko_Winnipeg:
Ayi achimwene, 409 imagwira maginito, ndi mmene ilili. Maginito amangothandiza kuzindikira 304, imene siigwira, kupatula pang'ono pamalo opindidwa. Posiyanitsa 409 ndi aluminized onani zolemba pa paipi kapena pa katoni, ndipo nambalayo ilembedwe pa lisiti. Kumapeto kwa paipi kumathandizanso: aluminized ndi yotuwa mofanana ngati yopakidwa penti, ndipo ikakandidwa ndi fayilo pansi pake pamaoneka chitsulo cha mtundu wina. Muonenso maflanji ndi tizitsulo tokolekera, chifukwa ena amagulitsa paipi ya stainless koma tizigawo timeneti n'kuika ta chitsulo wamba.

BamboMbewe_Thiraki:
Kwa amene ali ndi za dizilo zatsopano, monga Ram ya injini ya Cummins 6.7 kapena Ford ya Power Stroke, nkhani ya aluminized isayandikire chigawo cha DPF (sefa yogwira mwaye) ndi SCR (chigawo choyeretsa utsi ndi madzi apadera otchedwa DEF). DPF ikamawotcha mwaye imafika cha m'ma digiri 600, kupitirira pamene chikopa cha aluminium chimapirira, ndipo madzi a DEF, amene ndi urea 32.5 peresenti, amadya chitsulo wamba. Pamenepo ndi stainless basi. Kusankha kumatsala pa paipi yakumchira yokha.

Za kutsuka: mchere wamiyala umafooka kukazizira kwambiri, choncho madera ambiri amathiranso calcium chloride kapena magnesium chloride. Imeneyi imakoka chinyezi ndipo imakakamira kunsi kwa galimoto ngakhale msewu utauma. Garaja yofunda imawonjezera vutolo, chifukwa chipale chamchere chimasungunuka usiku uliwonse ndipo dzimbiri limathamanga pofunda. Tsukani kunsi ndi madzi ambiri pa tsiku limene kunja kwafundako, ekizozi itazirala kaye, makamaka pamwamba pa sailensa ndi kuseri kwa malata otchinga moto kumene matope amabisala. Mafuta opopera chasisi monga Krown kapena Fluid Film ndi abwino pa chasisipo, koma pa ekizozi amangopsa n'kufuka utsi.