Tinapita naye khanda ku paki kuja, nazi mmene zinayendera

Zikomo nonse amene munandiyankha funso lija loti kodi ndingapite ndi mwana wa miyezi itatu ku paki ya zisangalalo kunja kukutentha chonchi. Ena munati ndisayerekeze, koma akulu ake tinali titawalonjeza kale ndiye tinapitabe.

Ndinatsatira zoti tilawire, pofika 11 koloko tinali titabisala kale mu lesitilanti yozizira mpaka dzuwa litapendeka. Madzi sindinampatse, mwana osakwana miyezi 6 ndi bere basi, ndimangomuyamwitsa pafupipafupi asanalire nkomwe. Sunscreen, mafuta oteteza khungu ku dzuwa aja, nayonso ayi pa msinkhu umenewu, kachipewa ndi kamalaya kopepuka zinakwana.

Amene munati ndisaphimbe pram (kangolo koyendetsera mwana) ndi nsalu munanena zoona eti, ndinayesa dala mwana ali m'manja mwa bambo ake, kupisa dzanja mkatimo ngati mu uvuni.

Anangotuluka totupa ta thukuta pakhosi, tinatha tokha. Kwa amene mukufuna kupita, muziyang'ana thewera, likakhala louma nthawi yayitali, liwombo kulowa mkati, mwana kufooka osafuna kuyamwa, musadikire thamangirani kuchipatala. Ndipo funsani pageti pomwe pali chipinda choyamwitsira, ife tinachipeza mochedwa. Ma ride ine sindinakwereko olo imodzi, tiketi yanga inangopita ulele.