Defender ikungolira osayenda nditachotsa propshaft ya kumbuyo

Wophunzira:
Akuluakulu, ndithandizeni msanga. Land Rover Defender 110 yakale ya kasitomala yathyola cross (kolumikizira kooneka ngati mtanda) ya propshaft ya kumbuyo, chitsulo chachitali chopititsa mphamvu ku mawilo akumbuyo, tili panjira, kutali ndi galaja. Ndamasula propshaft yonse kuti tiyende ndi mawilo akutsogolo. Koma ndikalowetsa giya n'kusiya kilachi, injini ikungolira, sipidomita ikuwerenga, galimoto ili pomwepo. Ndapha gearbox kodi? Mwini wake akungondiyang'ana.

Sipanala 17:
Ikani 4H, giya yokokera ndi mawilo onse anayi, mutsike mukhome ma hub akutsogolo, zokhomera zapakati pa mawilo zija. Ine Hilux ndinayenda nayo choncho tsiku lathunthu.

Madala a Land Rover:
A Sipanala, zimenezo n'za Hilux. Ija ilibe diff ya pakati, yolola kutsogolo ndi kumbuyo kuzungulira pa liwiro losiyana, ukaika 4H kutsogolo ndi kumbuyo zimamangana basi. Defender imakoka ndi mawilo onse nthawi zonse, ndipo imachokera kufakitale yopanda ma hub okhoma. Mwana wanga, sunaphe kanthu. Mu transfer box yake, LT230, bokosi logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo, muli diff ya pakati, ndipo diff imataya mphamvu kumbali yopepuka. Panopa mbali yopepuka ndi flange ija waisiya yokha kumbuyo, pomwe propshaft imamangidwa, ikungozungulira m'malere. Sipidomita imawerengera komweko, n'chifukwa chake ikukunamiza. Kankhira kandodo kakang'ono kumanzere, uli mu high, mpaka nyali ya diff lock, chokhoma diff ya pakati ija, iyake. Ikachedwa kuyaka siya kilachi pang'onopang'ono, osaponda mafuta ayi, mano agwirane okha.

Wophunzira:
Yayaka, yasuntha! Koma paja munatiphunzitsa kuti diff lock pa tala imaononga?

Madala a Land Rover:
Imaononga ma propshaft onse awiri akakhalapo, chifukwa pokhota mawilo akutsogolo amayenda mtunda wautali kuposa akumbuyo, zitsulo n'kumakokanakokana. Lero palibe wokokana naye. Yenda.

Mayi wa ma gearbox:
Asananyamuke, achimwene, nkhani ya handibuleki simunaikhudze. Pa Defender handibuleki siili ku mawilo, ndi dramu ija ili kumbuyo kwa transfer box, pomwe munamasula. Propshaft kulibe, ndiye mawilo akumbuyo sakugwiridwa ndi chilichonse. Idzagwira akutsogolo pokhapokha diff lock ili yokhoma. Wina akangobweza kandodo kaja galimoto ili pamtsetse, ikhoza kupita yokha. Mukaima ponderetsani mwala ku tayala, ndipo musalowenso pansi musanatero. Chinanso, bwezerani manati anayi aja pa mabawuti a flange, sipanala yake ndi 9/16. Akapanda manati, dramu imatsala pa kasikulu kakang'ono kokha. Ulusi ukatsala, ikani mawashala.

Sipanala 17:
Za dramu sindimadziwa. Kwathu ku ma Toyota chomwe timayang'ana n'kuti propshaft imangidwa pa flange kapena imalowa m'kati mwa transfer. Yolowa m'kati ija ukaisolola oyilo amatayika njira yonse.

Mayi wa ma gearbox:
Zoona, koma LT230 ndi ya flange, oyilo sataya. Yoopsa ndi galimoto ya viscous coupling, chipangizo chogawa mphamvu kudzera mu mafuta okhuthala, kapena izi zamakono zogawa mphamvu ndi kompyuta. Zimenezo musaphunzirirepo pa galimoto ya kasitomala, itanani chokokera.

Madala a Land Rover:
Pomaliza mwana wanga, phazi lipepuke. Mphamvu yonse imene amagawana anayi tsopano yagwera ma CV (zolumikizira zolola wilo kukoka likukhota) ndi ma half shaft (zitsulo zochoka ku diff kupita ku mawilo) akutsogolo. Low, giya yamphamvu ya transfer box, usaigwire n'komwe. Chiwongolero chikakhala chokhotetsa mpaka kumapeto usaponde mafuta, ndi pomwe CV imaphulikira. Ngolo ngati ilipo isiyeni, ndipo pamatope kapena pamchenga musayerekeze. Ine ndinaonapo wina atayenda choncho miyezi ati akusunga mafuta, mapeto ake anagula CV ndi propshaft yomwe.

Wophunzira:
Tafika pagalaja bwinobwino, chiwongolero chimangokoka pang'ono ndikaponda mafuta. Manati ndinabwezera. Koma ndaona kuti pomasula sindinaike chizindikiro pa ma flange.

Mayi wa ma gearbox:
Pa flange si nkhani kwenikweni. Chachikulu musasolole slip joint, polowanirana zigawo ziwiri za propshaft, musanalembe mbali zonse ziwiri, ikabwerera mosemphana idzanjenjemera. Ndipo cross inayo muisinthiretu, zinakalamba limodzi.