Mafayilo a m'phukusi la .deb akutuluka ndi mwini wolakwika

T.K.:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndinamanga phukusi la .deb (fayilo yoikira pulogalamu pa Debian) la pulogalamu yathu yokopera deta usiku uliwonse, n'kuliika pa maseva atatu a Debian 12, koma kutacha ndinapeza kuti palibe chimene chakopedwa. Mu log muli mzere wakuti WRONG FILE OWNER, ndipo ukuloza fayilo yathu ya mu /etc/cron.d, foda ya cron, pulogalamu yoyendetsa ntchito pa nthawi yoikika. Nditayang'ana ndi ls -l, mwini wa fayiloyo si root (akaunti yolamulira kompyuta yonse) ayi, koma mnzathu wina amene sanaigwirepo n'komwe, ndipo pa seva yachiwiri likuoneka dzina la munthu winanso.

Mayi E.N.:
Achimwene, phukusilo munalimanga ndi lamulo liti? Onaninso zimene dpkg -c ikusonyeza, chifukwa imaonetsa mwini wa fayilo iliyonse phukusi lisanaikidwe.

T.K.:
Ndinalemba dpkg-deb --build ndili pa akaunti yanga ya pa laputopu. Mzere uliwonse wa dpkg -c ukusonyeza dzina langa.

Mayi E.N.:
Vuto lagona pamenepo. Lamulo limenelo limatenga umwini wa mafayilo monga ulili mu foda imene mukumangira, dzina la akaunti ndi nambala yake yomwe. Poika phukusi, dpkg, pulogalamu yoika maphukusi, imayamba yafufuza dzinalo pa seva, ndipo ikalisowa imagwiritsa ntchito nambala. Pa Debian munthu woyamba kutsegulidwa akaunti amalandira 1000, choncho ngati akaunti yanu ya pa laputopu ndi yoyamba, mafayilo anu agwera aliyense amene ali ndi nambala imeneyo pa seva iliyonse. Cron yachita bwino kukana fayilo imene mwini wake si root, ndipo chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi script imene mwaika mu /usr/bin, pakuti munthu wamba angathe kuisintha, kenako root n'kuiyendetsa usiku mosadziwa. Manganinso ndi dpkg-deb --root-owner-group, imene inabwera ndi dpkg 1.19.0 mu 2017, kapena ndi fakeroot, imene imaonetsa ngati ndinu root pomanga, monga tinkachitira kale.

Bambo L.M.:
Ndikugwirizana ndi mayiwa, koma ndichenjezeko pa chinthu chimodzi chimene chinandivutitsa ine tsiku lathunthu. Phukusi latsopano lidzakonza mafayilo wamba chifukwa amalowedwa m'malo ndi atsopano, koma dpkg sisintha mwini wa foda imene ilipo kale, ndipo fayilo yolembedwa mu conffiles (mndandanda wa mafayilo a makonzedwe) imasunga mwini wake wakale. Musadalirenso dpkg --verify, popeza imayang'ana za m'kati mwa fayilo osati mwini wake, mosiyana ndi rpm -V ya ku Fedora imene imalemba U kapena G pamene umwini wasintha. Tengani mndandanda wa mafayilo a phukusilo ndi dpkg -L, muone fayilo ndi foda iliyonse payokha, ndipo musathamangire chown -R, imene imasintha mwini wa zonse za m'foda, pa /etc kapena /usr, chifukwa muli mafayilo ena, monga /etc/shadow, amene gulu lake si root mwadala.

T.K.:
Zikomo kwambiri nonse. Ndamanganso, ndipo dpkg -c tsopano ikusonyeza root/root paliponse. Monga mwanenera, bambo, fayilo ya cron ndi foda yathu ya mu /var/lib zinatsalabe m'dzina la mnzathu uja, ndiye ndazikonza pamanja pa maseva onse atatu. Foda ya deta ikufunika kukhala ya akaunti ya pulogalamuyo, kodi ndiikemo nambala yake m'phukusi?

Mayi E.N.:
Ayi, nambala za maakaunti a mapulogalamu, 100 mpaka 999, zimaperekedwa mosiyana pa kompyuta iliyonse. Mu postinst, script imene imayenda phukusi likangoikidwa, tsegulani akauntiyo ndi adduser --system, kenako mupereke fodayo potchula dzina. Musanatumize phukusi lina, muziyamba mwaliyesa ndi lintian, pulogalamu yofufuza zolakwika m'maphukusi, imene ikanakuchenjezani za wrong-file-owner-uid-or-gid lisanafike pa seva.