Mphwanga wagamulidwa miyezi 9 chifukwa cha chimanga: kodi njira ina ilipo?

Phiri wa ku Santhe:
Abale anga, ndithandizeni nzeru. Mphwanga wagamulidwa kukakhala kundende miyezi 9 chifukwa choba chimanga m'munda wa eni, ndipo aka n'koyamba kuti aimepo pabwalo la milandu. Sindikumuikira kumbuyo, koma ndimamva kuti masiku ano olakwa pa milandu ing'onoing'ono amatha kupatsidwa ntchito yothandiza anthu m'dera lawo. Kodi zimenezi n'zoona, nanga pali njira yoti atuluke nthawi isanakwane?

Nabanda wa pa Nkhamenya:
N'zoona, achimwene. Ndime 340 ya lamulo loyendetsera milandu imati wolakwa koyamba asatumizidwe kundende pokhapokha khoti litakhutira kuti palibe chilango china choyenera, ndipo ndime 339 imalola woweruza kuimitsa chilangocho kuti munthuyo abwerere kwawo malinga asalakwenso. Pitani msanga ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza pa milandu anthu osatha kulipira loya, kapena muonane ndi a PASI, bungwe la alangizi a zamalamulo omwe amayendera ndende, akuthandizeni kupempha Khoti Lalikulu kuti liunikenso chigamulocho. Ngakhale zitakanika, mkaidi wa khalidwe labwino amachotseredwa gawo limodzi mwa magawo atatu a chilango chake, choncho miyezi 9 itha kukhala 6. Chikhululuko cha Pulezidenti, monga cha pa 6 Julayi, musachidalire, chifukwa sichifikira aliyense.

Mwale wa ku Chamama:
A Phiri, pepani ndi zimene zakugwerani, komabe tiganizirenso mwini munda, yemwe mwina anagula feteleza pa ngongole. Akaona wakuba uja akusesa pabwalo la chipatala n'kumagona kunyumba kwake, mtima umawawa, ndipo n'zimene zimachititsa ena kuyamba kulanga okha.

Nabanda wa pa Nkhamenya:
Bambo Mwale, nkhawa yanuyo ndi yomveka, ndipo n'chifukwa chake ine ndimafuna kuti chilango cha kunja kwa ndende chiziyendera limodzi ndi kubweza zimene munthu anaba, mafumu akudziwa. Koma ndende sibweza chimanga. Mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, mkaidi yemwe anasumira boma, khoti linagamula kuti kuthithikana kwa m'ndende zathu n'kuphwanya ufulu wa akaidi, ndipo linapatsa boma miyezi 18 kuti lichepetse kuthithikanako ndi theka. Mnyamata wosazolowera akaikidwa m'chipinda chotere pamodzi ndi mbava zoopsa, kumene TB ndi mphere zimafala mosavuta, banja lake limataya mlimi nyengo yonse. A Phiri, popita kukapempha thandizo mutenge nambala ya mlanduwo ndi tsiku la chigamulo.