Tikonzetse injini ya Wish yathu kapena tiigulitse?

Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa za galimoto muno mu Harare. Banja lathu lili ndi Toyota Wish ya 2005, ya injini ya 1.8, imene imatenga ana kusukulu kuchokera ku Mufakose, ndipo ndi yomweyo imene timapitira kumudzi ku Balaka kudzera pa Nyamapanda, Tete ndi Mwanza. Tsopano yayamba kudya oyilo, ndipo ndikailiza m'mawa imatulutsa utsi wabuluu, moti mayi akunyumba amayamba aanula zovala ndisanagwire kiyi. Makaniko wanena kuti injini iyenera kuphwasulidwa ndipo ntchito yonse idya madola 800. Giyabokosi ilibe vuto, dzimbiri palibe.

Mayi akunyumba akufuna tiigulitse isanatheretu mtengo. Chimene chikundigwira mwendo ndi lamulo la 2024 loletsa kulowetsa m'dziko muno galimoto yopitirira zaka 10, chifukwa kuitanitsa ina ku Japan tsopano kukutanthauza kugula yatsopanopo, kenaka n'kulipira msonkho ku ZIMRA, bungwe lotolera misonkho muno mu Zimbabwe, ndi mayendedwe ochokera ku Durban kapena ku Dar es Salaam, pomwe fizi ya ana ikudikira. Inu mukanatani?

Yankho la makaniko wa ku Highfield:
Achimwene, musavomere kuphwasula injini asanaipime compression, mphamvu imene silinda iliyonse imapanikizira mpweya. Utsi umene umatuluka m'mawa mokha, n'kuleka injini ikatentha, kawirikawiri umachokera ku ma valve seal (timphira totchinga oyilo pa ma valavu) amene auma, ndipo kusintha amenewo ndi ntchito yaing'ono poyerekeza ndi ma ring a pisitoni. Ukamatulukanso pamene mukuponda moto pokwera chitunda, pamenepo ndiye nkhani ya ma ring. Zipangizo za Wish sizisowa ku Kaguvi Street, koma mupite ndi munthu wodziwa kusiyanitsa zenizeni ndi zachinyengo. Mukasankha kuikamo injini ina, kumbukirani kuti nambala yake iyenera kulembedwa m'buku la galimoto, apo ayi mudzavutika pachipata.

Yankho la mayi wina wa ku Chitungwiza:
Bambo, akazi anu musawaone ngati akungofuna yatsopano. Kuwonongekerwa galimoto pakati pa Changara ndi Tete, kunja kukutentha chotero, muli ndi ana ndi katundu wa kumudzi, pamene Chipwitikizi simuchidziwa, si nkhani yamasewera. Ife yathu yakale tinaisunga kuti iziyenda m'tauni mokha, ndipo kumudzi timapita pa basi.

Yankho la bambo wina:
Ndikuchenjezeni pa zogula ina muno momwemo. Ma Wish ndi ma Honda Fit ambiri amene akugulitsidwa anagwirapo ntchito ya mushikashika (matakisi opanda chilolezo), ananyamula anthu opitirira muyezo m'misewu yokumbika, ndipo amangowapopera penti n'kubweza makilomita m'mbuyo. Yanuyo mukudziwa pamene ikudwala, pomwe ya mwini mudzayamba kuiphunzira ndi ndalama zanu.

Mwini funso:
Zikomo kwambiri nonse. Loweruka ndipita kukapimitsa compression, ndipo za basi tikambirana kunyumba, ngakhale kuti matumba a chimanga amene amayi amatipatsa pobwerera ndi amene angavute. Achimwene a ku Highfield, ma silinda akapezeka kuti akusiyana mphamvu, ndi kusiyana kochuluka bwanji kumene mungati injiniyo ndi yosayenera kuikonzanso?