Kalata ya ntchito yasiyana ndi zomwe analengeza, ndipemphe bwanji kuti awonjezere malipiro?

Abale anga, ndithandizeni nzeru. Ndimakhala ku Luchenza, ndili ndi dipuloma ya za maakaunti, ndipo ndakhala pa ulova zaka ziwiri. Mwezi watha esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo inalengeza kuti ikufuna kalaliki wa ku sitolo, wolandira ndi kutulutsa fetereza, mankhwala ndi zipangizo. Ku intavyu tinagwirizana K260,000 pa mwezi.

Dzulo kalata yafika. Alembamo kuti ndizikakhalanso pa sikelo kulemba makilogalamu a othyola tiyi, komanso kukonza malipiro awo. Amene munagwirako pa esiteti mukudziwa mmene zimakhalira kuyambira Disembala mpaka Epulo, tiyi akaphuka ndi mvula: masamba sasiya kubwera. Ndiye thukuta la munthu ukalilemba molakwika, amakuloza chala ndi iweyo. Koma malipiro sanawonjezerepo ngakhale tambala.

Akufuna ndisayine pofika Lachisanu. Mayi anga akuti ndingosayina, walira mvula walira matope. Ntchitoyi ndikuyifunadi, koma mtima ukukana. Ndiyambe bwanji kuti asandione ngati wamatama?

Bambo wina wa ku Chitakale: Achimwene, pitani musanasayine, mukasayina pakamwa patsekeka. Tengani chilengezo chija ndi kalatayo, muyambe ndi kuthokoza, kenako muwasonyeze ntchito ziwiri zawonjezekazo. Tchulani ndalama yeniyeni, musanene kuti "muwonjezereko pang'ono".

Mayi wina wa ku Bvumbwe: Mwanawe, funsanso za maola. Lamulo la zantchito, Employment Act ya 2000, limati maola ogwira ntchito asapitirire 48 pa sabata, opyola pamenepo ndi ovataimu. Akakana kukweza panopa, alembe m'kalatamo kuti adzaunikanso malipiro ukatha probation, nthawi yoyesedwa pa ntchito, ndipo atchule mwezi wake. Zapakamwa usadalire, mabwana amasinthidwa. Ukhozanso kukaonetsa kalatayo ku ofesi ya zantchito pa boma la Thyolo.

Wofunsa: Zikomo kwambiri bambo ndi mayi. Ndikuganiza zopempha K330,000, ndi kuti za sikelo zikhale za nyengo ya masamba ambiri yokha. Chomwe chikundisowetsa tulo n'chakuti pa intavyu tinalipo asanu ndi mmodzi. Alipo pano amene anapemphapo chonchi pa esiteti, ntchito osamulanda?